Ngalawa ya Matupi Atatu: Mbiri ya Corsair Marine

Pakati pa ngalawa zoyenda ndi mphepo pali mtundu wina umene Azungu amautcha trimaran. Ngalawa imeneyi ili ndi matupi atatu: lalikulu pakati, m'mene mumakhala anthu, ndi awiri aang'ono m'mbali, olumikizidwa ndi mitanda. Nzeru imeneyi sinayambire ku Ulaya. Anthu a ku zilumba za Philippines ndi Indonesia akhala akumangirira mitengo yoyandama mbali zonse ziwiri za mabwato awo kwa zaka mazanamazana. Asodzi a ku Zanzibar nawonso amatero, ndipo bwato lotere amalitcha ngalawa, dzina limene likupezekanso m'Chichewa.

Ngalawa ya thupi limodzi imanyamula mtovu wolemera kunsi kwake kuti mphepo ikawomba matanga isaigudubuze. Trimaran sifuna mtovu, pakuti thupi la m'mbali ndilo limaichirikiza. Nchifukwa chake imakhala yopepuka ndi yaliwiro. Koma akulu anati walira mvula walira matope. Kutambalala kumene kumaipatsa liwiro ndi komwenso kumaisowetsa malo padoko, ndipo kuinyamula pamsewu kunali kosatheka popanda kuiphwasula. Kuwonjezera apo, m'zaka za m'ma 1960 anthu ambiri anakhoma okha ngalawazi kuseri kwa nyumba ndi matabwa a pulayiwudi, motsata mapulani a Arthur Piver wa ku America. Zina sizinakhomedwe bwino, ndipo mwini wake Piver anasowa panyanja m'chaka cha 1968. Motero trimaran inatchuka ndi mbiri yoipa.

Munthu amene anathetsa vuto la kutambalala ndi Ian Farrier wa ku New Zealand. Ali ku Australia m'chaka cha 1973, anapeza njira yopinda matupi a m'mbali kuti akhale mogundana ndi thupi lalikulu. Mtanda uliwonse anauika pa tizitsulo toyenda ngati mfundo za mkono. Munthu akamasula mabawuti, mitanda imadzuka ndipo matupi a m'mbali amalowa, ngalawa ili chiyandamire pamadzi, osapendekeka. Ngalawa yake yoyamba yotere, Trailertri 18, inalowa m'madzi m'chaka cha 1974.

Komabe mutu umodzi susenza denga. Farrier anali ndi luso, koma kuti ngalawa zipangidwe zambirimbiri panafunika chuma ndi fakitale. Izi zinabwera ndi John Walton, mwana wa Sam Walton amene anayambitsa masitolo a Walmart. M'chaka cha 1984 Walton anakhazikitsa kampani ya Corsair Marine ku Chula Vista, pafupi ndi mzinda wa San Diego ku California, ndipo Farrier anasamukira komweko. Chaka chotsatira, 1985, anaponya m'madzi ngalawa yoyamba ya mtundu wa F-27. Kutalika kwake kunali mamita 8 ndi pang'ono. Ikatambasulidwa inkafika pafupifupi mamita 6 m'lifupi, koma ikapindidwa inkatsala ndi mamita 2.5 okha, muyeso umene malamulo a pamsewu amalola. Tsono banja linkatha kuikoka pangolo ndi galimoto, kuitsitsira m'madzi, kuimika mlongoti, nkugona momwemo masiku angapo.

Luso la amisiri a pa Corsair linagona pa kupepuka. Ngalawa sankaikhoma ndi matabwa koma ankaiumba m'chikombole. Ankayala nsalu ya fibreglass, pamwamba pake nkuika fomu yolimba koma yopepuka, kenaka nsalu inanso, zonse zonyowetsedwa ndi ulimbo wamadzimadzi umene umauma gwa. Pofuna kuti zimatane bwino, ankaphimba ndi pulasitiki nkupopa mpweya wonse, kotero kuti mpweya wakunja unkapanikiza paliponse mofanana. Ntchito imeneyi imafuna kusamala kwambiri. Ulimbo ukachuluka ngalawa imalemera ndi kutaya liwiro. Ukachepa nsalu imamatuka. Malo ovuta koposa ndi polumikizira mitanda, pakuti mphamvu yonse ya mphepo ndi mafunde imadzera pamenepo. Popeza mulibe mtovu, ngalawa yotere simira ngakhale itabooka. Chiopsezo chake nchakuti ikagudubuzika siidzuka yokha, choncho woyendetsa ayenera kuchepetsa matanga mphepo isanakule.

F-27 inagulidwa kwambiri, ndipo zinapangidwa zoposa 400. Inasintha maganizo a anthu amene ankanyoza trimaran, mwakuti m'chaka cha 2004 inalembedwa m'gulu la ngalawa zolemekezeka lotchedwa American Sailboat Hall of Fame. Pambuyo pake kunabwera mitundu ina monga F-24 ndi F-31. M'chaka cha 1994 kampaniyi inagulidwa ndi Paul Koch wa ku Australia, ndipo m'chaka cha 2000 Farrier anasiyana nayo napitiriza ntchito yake payekha. M'chaka cha 2006 fakitale inasamukira ku Ho Chi Minh City m'dziko la Vietnam, kumene mtengo wopangira unali wotsika. M'chaka cha 2010 inagulidwa ndi kampani ya Seawind ya ku Australia, yopanga ngalawa za matupi awiri. Farrier anamwalira m'chaka cha 2017.

Mbiri ya Corsair Marine ikuonetsa kuti chinthu chabwino chikhoza kukanidwa chifukwa cha chilema chimodzi. Liwiro la trimaran linkadziwika kale Farrier asanayambe ntchito yake. Chimene iye anachita ndicho kulimbana ndi funso limene ena ankalipeputsa, lakuti ulendo ukatha ngalawayo idzasungidwa kuti. Atayankha funso limeneli, ndipo amisiri ataumba yankholo mosamala, ngalawa imene inali ya anthu ochepa olimba mtima inasanduka ya mabanja wamba.