Windows watsopano pa laputopu ya kaunjika: zimene zinachitikapo kale

Anzanga, ngati laputopu yanu yayamba kukuuzani kuti nthawi ya Windows 10 yatha, musathamangire kudina. Uthenga wotere wakhala ukubwera kwa zaka pafupifupi 20, ndipo nthawi zonse amene amalira ndi eni makompyuta akale. Kuno ndife amenewo. Malaputopu ambiri amene tili nawo mu Chitawira muno, kaya munagula ku Limbe kaya anakutumizirani achimwene a ku Joni, anayamba agwira ntchito mu ofesi ya wina kunja kwa zaka zingapo asanatipeze.

Tiyambire mu January 2007, pamene Microsoft inatulutsa Windows Vista kuti ilowe m'malo mwa XP. XP ija inkayenda ndi RAM ya 128MB yokha, koma Vista inali yolemera kwambiri. M'masitolo munadzaza makompyuta omatidwa kapepala kakuti "Vista Capable", kutanthauza kuti Vista ayinyamula. Anthu atagula anapeza kuti ambiri mwa makinawo amangokwanitsa mtundu wotsikitsitsa wa Vista, ndipo amachita kukwawa. Mapulinta ena anasiya kugwira ntchito chifukwa madiraiva ake anali asanakonzedwe. Nkhaniyo inakafika mpaka kukhoti ku America. Ambiri anangobwerera ku XP, yomwe inakhalapobe mpaka pa 8 April 2014.

Windows 10 inabwera pa 29 July 2015, yaulere kwa chaka chathunthu kwa amene anali ndi Windows 7 kapena 8.1. Zaulere zimakoma, eti? Koma kampaniyo inayamba kuumiriza anthu. Makompyuta ena ankakopera okha magigabaiti angapo mwiniwake asakudziwa. Tangoganizani zimenezo zikuchitika pa bandulo ya Airtel kapena TNM yomwe mwagula ndi ndalama ya ndiwo. Mu 2016 zinafika poti ukadina X kuti utseke uthengawo, kompyuta imatenga ngati wavomera. Mayi wina wa bizinesi ku California, amene kompyuta yake inasokonekera itadzilowetsa yokha Windows 10, anasumira Microsoft ndipo anapata madola 10,000. Ife tikasumira kuti?

Chimene chimandiopsa kwambiri ine ndi cha October 2018. Apa sikunali kusintha Windows yonse ayi, inali apudeti chabe ya Windows 10 yomweyo. Anthu ena atailowetsa anapeza kuti mafayilo a mu foda ya Documents afufutika. Microsoft inaimitsa apudetiyo patangopita masiku ochepa ndipo inadzaitulutsanso mu November. Awa sanali makompyuta obedwa kapena Windows yachinyengo, anali makina abwinobwino, apudeti yochokera kwa eni ake enieni. Ndiye ganizirani zimene timasunga mu foda imeneyo: ma CV, masatifiketi osikana, asainimenti ya mnzathu wa ku MUBAS, nyimbo zomwe wina wakhala akujambula miyezi itatu. Ambiri a ife tilibe pena posungira, zonse zili pamalo amodzi basi.

Mwina mukuti, ndiye bola osasintha n'komwe. Ayi, ukonso kuli minga. Mu May 2017 vairasi yotchedwa WannaCry inagwira makompyuta m'maiko pafupifupi 150, n'kutseka mafayilo a anthu ndi kufuna ndalama kuti iwatsegule. Zipatala za boma ku Britain zinabweza odwala. Chomvetsa chisoni n'chakuti Microsoft inali itatulutsa kale chigamba chotseka bowo limenelo mu March, koma makina ambiri amene anagwidwa anali asanachilandire. Kompyuta imene siikulandiranso maapudeti ili ngati nyumba yomwe loko wake aliyense akudziwa katsegulidwe kake.

Windows 11 inatuluka pa 5 October 2021, ndipo iyi ndiye inatitsekera chitseko poyera. Imafuna RAM yosachepera 4GB, kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, komanso purosesa yatsopanopo. Kwa Intel ndi kuyambira m'badwo wachi 8, umene unayamba kutuluka mu 2017. Ma HP EliteBook 840 G3 ndi ma ThinkPad T460 amene adzaza m'mashopu ndi a m'badwo wachi 6. Ndi makina olimba, amagwira ntchito bwino, koma pa mndandanda wa Microsoft palibepo. Okonza makompyuta amadziwa njira yolambalala malamulowa, ndipo Windows 11 imalowadi. Chimene ambiri sakuuzani n'chakuti Microsoft inanena kuti makina otere sakulonjezedwa maapudeti. Mutha kulipira kuti muthawe vuto, n'kulipezanso kutsogolo.

Palinso vuto lathu lathu lomwe a ku America saliganizira. Patangopita miyezi itatu Windows 11 itatuluka, namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, ndipo kuzimazima kwa magetsi kunatisautsa mpaka 2023. Laputopu ya kaunjika nthawi zambiri batire yake imakhala yotha, ukangozula chaja yazima. Magetsi akapita Windows ili pakati polowa, kompyuta itha kukana kuyakanso, ndipo wokonza wofulumira amangoti tiifomate. Mafayilo apita.

Pa 14 October 2025 Microsoft inasiya kusamalira Windows 10, kupatula kwa amene analembetsa maapudeti owonjezera achitetezo. Ndiye musanapange chilichonse, onani dzina la purosesa yanu. Ngati yalembedwa i5-6300U, nambala 6 ijayo ndiyo m'badwo wake. Ikakhala yosakwana 8, ganizirani za Linux Mint kapena Ubuntu, zomwe ndi zaulere ndipo zimayenda bwino pa makina akale, ngakhale Microsoft Office ndi mapulogalamu ena amene munazolowera sayenda pamenepo. Ikakhala yokwana, koperani kaye mafayilo anu pa flash kapena pa hard disk ina, ndipo muchite tsiku lomwe magetsi akhazikika. Mukalowetsa, yesani Wi-Fi, pulinta ndi mawu tsiku lomwelo, chifukwa Windows imakupatsani masiku 10 okha oti mubwerere ku yakale. Akadutsa amenewo, foda ya Windows.old imafufutidwa.