Nduna ndi Nyumba ya Malamulo: Zimene Zinachitika m'Chaka cha 1964

Boma limene dziko la Malawi linalandira kwa Angerezi pa 6 Julayi 1964 linali la mtundu umene nduna zimatengedwa pakati pa aphungu a m'Nyumba ya Malamulo. M'boma lotere aphungu ndiwo amapanga malamulo ndi kuloleza msonkho, ndipo nduna ndizo zimayendetsa ntchito za tsiku ndi tsiku, monga sukulu, zipatala, misewu ndi apolisi. Nduna Yaikulu imasankha anzake, koma iyo pamodzi ndi anzakewo amakhala pa mipando pokhapokha aphungu ochuluka akuwakhulupirira. Tsiku limene aphungu anena kuti chikhulupiriro chatha, boma lagwa. Makolo sakadadabwa nawo mwambo umenewu, pakuti mfumu siinkaweruza mlandu pabwalo popanda nduna zake, ndipo ankati mutu umodzi susenza denga.

Mwambowu unafika pang'onopang'ono. Kuyambira 1907 Bwanamkubwa wa Nyasaland anali ndi mabungwe awiri, lina lopanga malamulo, lina lomulangiza pa kayendetsedwe ka dziko. Koma iye sankayankha kwa mabungwewo, ankayankha ku London. Mu 1956 anthu akuda asanu anasankhidwa kulowa m'bungwe la malamulo, ndipo pakati pao panali Henry Chipembere ndi Kanyama Chiume. Pa chisankho cha Ogasiti 1961 chipani cha Malawi Congress chinapata mipando 22 mwa 28, kotero kuti Dr Hastings Kamuzu Banda ndi anzake analandira maunduna. Pa 1 Febuluwale 1963 Dr Banda anakhala Nduna Yaikulu.

Tsono ufulu usanathe miyezi iwiri, mwambowo unalowa m'mayeso. Colin Cameron anali atatula kale pansi unduna wake pokana lamulo lotsekera anthu popanda kuwazenga mlandu. Pa msonkhano wa nduna wa pa 26 Ogasiti 1964 nduna zotsalazo zinaika madandaulo ao poyera. Zinadandaula za tiki, ndiye makobiri atatu amene wodwala analipira kuchipatala. Za lipoti la Skinner limene linakhudza malipiro a ogwira ntchito m'boma. Za kuchedwa kopatsa eni dziko maudindo amene anali m'manja mwa Azungu. Ndi za ubwenzi ndi Apwitikizi amene ankalamulira Mozambique. Koma muzu wa zonsezi unali umodzi: kodi Nduna Yaikulu ndi woyamba pakati pa anzake, kapena ndi mwini boma amene nduna zili anyamata ake?

Pa 7 Sepitembala Dr Banda anachotsa Kanyama Chiume, Orton Chirwa ndi Augustine Bwanausi, pamodzi ndi Rose Chibambo amene anali wothandizira nduna. Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula pansi maudindo ao, ndipo Chipembere, atabwera kuchokera ku Canada, anachita chimodzimodzi. Kuchotsa nduna sikunali kuphwanya lamulo, pakuti mphamvu imeneyo Nduna Yaikulu inali nayo. Chotsala chinali chakuti aphungu aweruze.

Nyumba ya Malamulo inasonkhana ku Zomba pa 8 ndi 9 Sepitembala. Apa ndipo panaonekera kufooka kwa mwambo wobwerekawo. Aphungu a Kongeresi analowa m'Nyumbamo mu 1964 popanda wopikisana nao, ndipo maina ao anavomerezedwa ndi mtsogoleri wa chipani, amene anali Nduna Yaikulu yomweyo. Motero woweruzidwa ndiye anali atasankha oweruza. Aphungu anatsimikiza kuti akumkhulupirira Dr Banda, ndipo ngakhale nduna zochotsedwazo sizinaponye voti yotsutsa. Kuyambira tsiku limenelo Nyumba ya Malamulo inaleka kukhala chingwe chogwira boma.

Mkangano umene unalephera kutha ndi mau unatha ndi mfuti. Mu Febuluwale 1965 Chipembere ananyamuka ku Fort Johnston ndi anthu ake kulinga ku Zomba, koma anaimitsidwa pa dooko la Liwonde. Pa 6 Julayi 1966 dziko linasiya mwambo wa Nduna Yaikulu, likhala ndi Pulezidenti ndi chipani chimodzi. Mu 1971 Dr Banda anapatsidwa udindowo kwa moyo wake wonse.

Anthu a ku Chifunga, pa msewu wa Zalewa kunka ku Mwanza, sangaiyese nkhaniyi ya kutali, pakuti zotsatira zake zinafika m'mapiri ao. Mu Okutobala 1967 Yatuta Chisiza, amene anali nduna yoyang'anira za m'dziko, anadutsa malire a Mozambique ndi kagulu ka anthu onyamula zida, ndipo anaphedwa pomenyana ndi asilikali a boma m'dera la Mwanza ndi Neno. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anafera ku Thambani m'boma la Mwanza, limene Neno anali mbali yake kufikira 2003. Boma linalengeza kuti inali ngozi ya galimoto, koma bungwe lofufuza limene linakhazikitsidwa mu 1994 linapeza kuti anachita kuphedwa.

Malamulo a dziko a 1994 sanabwezere mwambo wa 1964. Pulezidenti amasankhidwa ndi anthu onse, ndipo mpando wake suimira pa chikhulupiriro cha aphungu. Koma sangatole msonkho kapena kugwiritsa ntchito ndalama za boma popanda chilolezo chao. Mphunzitsi wofotokozera ana mbiri imeneyi asaime pa maina ndi masiku okha. Awaonetse kuti malamulo a 1964 anapatsa aphungu mphamvu yokwanira kugwira boma, koma mphamvuyo inapita pachabe chifukwa phungu aliyense anadziwa kuti mpando wake unachokera kwa munthu amene iye anayenera kumfunsa mafunso.