Kalulu Anawoloka Nyanja

Akapolo ochokera ku Kongo, Angola ndi kumadzulo kwa Africa anakwezedwa m'zombo chimanjamanja, koma nthano anali nazo m'mutu. M'minda ya thonje ku Georgia, Kalulu uja wokana kukumba nawo chitsime koma womwa madzi anasanduka Brer Rabbit. Ngakhale msampha womugwirira sunasinthe kwenikweni: kuno chidole cha ulimbo, uko chidole cha phula.

Joel Chandler Harris, mzungu amene anamva nthanozi kwa akapolo ali mnyamata, anazisindikiza mu 1880 m'buku la Uncle Remus. Ku England, Beatrix Potter anazikonda mpaka kuzijambulira zithunzi asanatulutse Peter Rabbit mu 1902.

Koma Harris anazifewetsa. Anaziika m'kamwa mwa nkhalamba yokhutira, yosangalatsa kamwana ka mzungu, chikhalirecho akapolo ankasimbirana za kanyama kopusitsa zilombo zamphamvu pophunzitsana kupulumuka m'manja mwa bwana.