Lamulo pa Mkaka Woonongeka m'Dziko la Zambia

Kugulitsa mkaka, yogati kapena batala zimene zaonongeka ndi mlandu m'dziko muno. Lamulo lalikulu pa nkhaniyi ndi Food Safety Act, nambala 7 ya caka ca 2019, limene linalowa m'malo mwa Food and Drugs Act la 1972. Lamuloli limaletsa kugulitsa cakudya covunda kapena cokonzedwa pamalo auve, ndiponso kunamiza ogula pa zolembedwa pa paketi.

Amene amaonetsetsa kuti lamuloli likutsatiridwa ndi oyang'anira zaumoyo a m'makhonsolo ndi a Unduna wa Zaumoyo. Iwo ali ndi mphamvu yolowa m'sitolo kapena m'fakitale, kutapako mkaka kuti ukapimidwe ku National Food Laboratory, kulanda katundu woipa ndi kutengera mwini wake kukhoti. Bungwe loteteza ogula la CCPC, limene limagwira nchito pansi pa lamulo la 2010, nalonso limayendera masitolo pamodzi ndi makhonsolo kufunafuna katundu wotha masiku.

Komatu tsiku lolembedwa pa paketi silinena zonse. Mkaka wa m'mafakitale umatenthetsedwa kufika madigiri 72 kwa masekondi 15. Kutentha kumeneku kumapha tizilombo toyambitsa cifuwa cacikulu ca TB ndi matenda a brucellosis, amene ng'ombe zimapatsira anthu, koma sikupha tizilombo tonse. Totsalato timaswana msanga mkaka ukangocoka m'firiji, ndiye cifukwa cake uyenera kusungidwa pozizira madigiri 4. Mkaka wa UHT, wotenthetsedwa kufika madigiri 135, umakhala miyezi pa shelefu, ndipo nawonso ukatsegulidwa umafuna firiji.

Vutoli linaoneka poyera m'caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi m'nyanja ya Kariba ndipo malaiti anali kuzima mpaka maola 21 pa tsiku. Sitolo yopanda jenereta inali kutha kukhala ndi mkaka wa tsiku labwino pa paketi, koma m'kati utasasa kale. Ndiye cifukwa cake woyang'anira wodziwa nchito sawerenga tsiku lokha. Amapima kuzizira kwa firiji, nayang'ana mapaketi otupa kapena ocuca.

Pano m'pofunika kusiyanitsa. Mabisi, mkaka wosasitsidwa dala umene umakondedwa kwambiri m'zigawo za Kumwera ndi Kumadzulo, si mkaka woonongeka, ndipo lamulo silitsutsana nawo. Mlandu umabwera pamene munthu agulitsa mkaka wovunda ngati wabwino, kapena authira madzi kuti uculuke.

Kumene dzanja la lamulo limafupika ndi kumisika ndi m'mbali mwa miseu, kumene mkaka wosaphika umagulitsidwa m'zigubu popanda paketi kapena tsiku. Oyang'anira sangathe kufika kwa wogulitsa aliyense. Alimi amene amapereka mkaka kumalo osonkhanitsira, monga a ku Monze ndi ku Magoye, amaupimitsa kaye kuti aone ngati wasasa kapena wathiridwa madzi, ndipo wolephera umabwezedwa. Wa m'zigubu supita m'njira imeneyi, motero akatswiri a zaumoyo amalangiza kuuwiritsa usanamwedwe, makamaka ukakhala wopatsa ana ndi amai apakati.

Wogula amene wapeza mkaka woonongeka m'sitolo angathe kukadandaula ku dipatimenti ya zaumoyo ya khonsolo ya kwao kapena ku CCPC, atanyamula paketiyo ndi risiti yake.