Mbiri ya Kapsedwe ka Matimati

Munthu woyenda pa msewu wa Liwonde kunka ku Mangochi, akaima pa Ulongwe, m'dziko la mfumu Kalembo, naona amayi ataunjika milu ya matimati olimba, osatudzuka ngakhale agone masiku m'dengu, sangaganize kuti kulimba kumeneko kuli ndi mbiri yake yoyambira kutsidya kwa nyanja zamchere. Mbewuyi kwawo ndi ku mapiri a Andes. Anthu a ku Mexico ndiwo adayamba kuilima m'minda, ndipo Asipanya ataitengera ku Ulaya, Mattioli wa ku Italy adailemba m'buku mu 1544. Kuno makolo athu adazolowera phwetekere wamng'ono womera yekha padzala, wokoma mu ndiwo ndithu, koma wosapirira ulendo, pakuti akapsa lero mawa wafewa.

Agogo athu povundika nthochi ankadziwa kuti chipatso chotsekeredwa pamodzi ndi chinzake chipsa msanga, koma chifukwa chake chidabisika kufikira Neljubow wa ku Russia adaona mu 1901 kuti mpweya wa ethylene, wotuluka mu gasi wa nyale, usokoneza kakulidwe ka zomera, ndipo Richard Gane wa ku England adatsimikiza mu 1934 kuti chipatso chipanga chokha mpweyawo. Mpweyawu ndiwo ulamulira tomato kuti asiye kubiriwira, afiire, afewe, anunkhire.

Chinsinsi chachikulu chidaululika ndi mitengo yolumala. Ku America kudapezeka mtengo wa tomato wobala zipatso zokana kupsa, zongokhala zolimba ndi zachikasu. Mu 1968 akatswiri adalemba kuti chilemacho n'chachibadwa, nachitcha rin. Chimene mlimi akadazula ndi kutaya, obereketsa mbewu adachiyesa chuma, popeza akakwatitsa mtengo wotere ndi wabwino, ana ake apsa ndithu, koma pang'onopang'ono. Momwemo ku Israel kudabadwa tomato wotchedwa Daniela, amene adatchuka m'misika ya ku Ulaya. Ena adafuna njira yachidule: kampani ya Calgene ya ku California idatulutsa tomato wa Flavr Savr mu 1994, itatontholetsa kachigawo ka chibadwa kofewetsa chipatso, koma pofika 1997 malondawo adagwa. Mu 2002 James Giovannoni ndi anzake adapeza pamene rin akhala mu DNA, ndipo mu 2012 chibadwa chonse cha tomato chidawerengedwa, tizigawo pafupifupi 35,000.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chaka chomwecho cha 2012 Ann Powell wa ku Davis, ku California, adaonetsa kuti obereketsa mbewu, posankha kwa zaka pafupifupi 70 matimati ofiira mofanana thupi lonse, opanda kubiriwira kuja kwa kutsinde, adachepetsa osadziwa shuga wa m'chipatso. Choncho gogo wodandaula kuti tomato wa makono sakoma ngati wakale sanena zaukalamba ayi. Lilime lake lidaona kale chimene makina adaona mochedwa.

Kwathu kuno alimi adayamba ndi mitundu monga Moneymaker, yofewa msanga, kufikira kudabwera Tengeru 97 ndi Tanya, amene adatulutsidwa ku Arusha m'dziko la Tanzania mu 1997, obereketsedwa mwa njira wamba ya kukwatitsa ndi kusankha. Ine sindingamdzudzule mayi wa m'dimba la m'mbali mwa Shire posankha Tanya wa khungu lolimba, pakuti wopikula wa ku Blantyre salipira kukoma, alipira chimene chikafika chamoyo pambuyo pa mabampu a galimoto. Chotsala chimene mbewu zonsezi sizinachigonjetse ndicho dzuwa la ku Balaka: kutentha kukapitirira madigiri 30, chipatso chileka kupanga utoto wake wofiira, ndipo n'chifukwa chake matimati a mu Okutobala kawirikawiri apsa motuwira chikasu, kotero kuti mlimi wochenjera athyola atangoyamba kusintha mtundu, nakawaika pamthunzi kuti atsirize kufiira.