Mbiri ya Malo Osungira Zinyama a ku Joni

Pa msonkhano wa kalabu yathu mwezi watha tinakangana za anyani ndi nguluwe zomwe zikutha chimanga m'minda. Mayi wina anafunsa kuti: kodi nzoona kuti kutauni anthu amalipira ndalama kuti akaone nyani? Tinaseka tonse. Komatu nzoona, ndipo ine ndati ndilembe mbiri ya malo amodzi otere, a mu Johannesburg, omwe amawatcha Zoo. Ndinawamva koyamba kwa agogo anga amene anapita kumigodi ndi Wenela.

Malowa sanayambe ndi zinyama ayi. Anayamba ndi mitengo. Mzungu wina wa ku Germany, Hermann Eckstein, mmodzi wa akuluakulu a migodi ya golide, anabzalitsa nkhalango kuti mitengo yake izichirikiza migodi isagwere anthu. Iye anamwalira mu 1893. Pambuyo pake anzake a kampani anapereka gawo la malowo kwa akuluakulu a mzinda kuti akhale chikumbutso chake, ndipo Zoo inayamba mu 1904. Zinyama zoyamba anapereka ndi Percy FitzPatrick. Panali mkango, kambuku, nyamalikiti, nungu, ndi nyani yemweyu amene ife timamuthamangitsa ndi agalu.

Chimene chimandikhudza ine ndi ichi. M'kalata yoperekera malowo analembamo kuti pakhale potseguka kwa anthu a mitundu yonse. Ndiye itafika nthawi ya tsankho, kuyambira 1948, pamene munthu wakuda ankaletsedwa ngakhale kukhala pa benchi la azungu, pa Zoo ndi pa nyanja yaing'ono yoyandikana nayo, Zoo Lake, sanathe kutseka chipata. Agogo ankati tsiku lina Lamulungu analowamo ndi anzawo awiri, atavala majekete awo abwino, n'kuima pafupi ndi mzungu ndi ana ake, onse maso pa mkango umodzi. Ankati mkangowo sunawadabwitse kwenikweni, poti kwathu kuno ankaumva kubangula usiku ali mwana. Chinawadabwitsa n'choti palibe anawathamangitsa. Koma Lolemba anabwerera pansi, kukakumba golide yemwe uja amene analemeretsa eni malowo.

Kale zinyamazo zinkakhala m'makola a zitsulo ngati akaidi. Cha m'ma 1960 anayamba kugumula makola otere n'kumanga malo otakasuka, otchinga ndi ngalande zakuya. Pansi ponse ndi pafupifupi mahekitala 55. Yerekezani ndi munda wanu!

Nyama imene inatchuka koposa ndi Max, chinyani chachikulu cha mtundu wa gorila, chobadwira ku Frankfurt, ku Germany. Mu Julayi 1997 mbava ina yamfuti, pothawa apolisi, inadumphira m'khola osadziwa kuti muli mwini wake. Max anali ndi mkazi wake Lisa. Anaigwira mbavayo n'kuiluma, iyo n'kumuwombera kawiri. Apolisi atalowa, Max anavulazanso ena mwa iwo, poti sankasiyanitsa wakuba ndi wa yunifomu. Mbava inagwidwa, Max anachira, ndipo atolankhani a mumzindawo anamusankha kukhala wotchuka pa nkhani m'chaka chimenecho. Anthu a ku Joni anali atatopa ndi umbanda, n'chifukwa chake anamukonda chonchi. Anafa mu 2004, chaka chimene Zoo inakwanitsa zaka 100, ndipo anamuumbira chifanizo pomwepo.

Panalinso Wang, chimbalangondo choyera cha kumaiko ozizira kwambiri. Chinafa mu 2014, ndipo chinali chomaliza cha mtundu wake mu Africa muno. Apa ine sindikuvomereza ayi. Nyama yozolowera chisanu choundana kuisunga padzuwa la ku Joni zaka pafupifupi 30, ngakhale mbuzi yanga sindingaichite zotere.

Abale athu ali ku Joni, malowa ali ku Parkview, m'mbali mwa msewu wa Jan Smuts Avenue. Amene angapiteko atitumizire chithunzi cha nyani, tikawaonetse mayi aja.