Roketi ya botolo: poyambira pabwino kwa ofuna kuphunzira zouluka mumlengalenga

Roketi yaing'ono yophunzirira imauluka motsatira lamulo lomwe limakwezanso maroketi akuluakulu. Lamuloli analifotokoza Isaac Newton mu 1687: chinthu chikakankha chinzake, nachonso chimakankhidwa ndi mphamvu yofanana kulowera mbali inayo. Roketi ikalavula madzi kapena mpweya wotentha kumunsi, iyo imathamangira kumwamba.

Chidwi chotere si chachilendo m'chigawo chino. Mu 1964, mphunzitsi wa ku Zambia, Edward Mukuka Nkoloso, anasonkhanitsa achinyamata pafupi ndi Lusaka n'cholinga chowatumiza kumwezi, ndipo ankawakonzekeretsa powagubuduza m'migolo pamtsetse. Roketi yake, D-Kalu 1, sinauluke.

Ku America, G. Harry Stine ndi Orville Carlisle anayambitsa mu 1957 bungwe limene lero limatchedwa National Association of Rocketry, pa nthawi imene achinyamata ankavulala posakaniza okha mankhwala ophulika. Iwo analimbikitsa kugwiritsa ntchito injini zopangidwa kufakitale.

Kwa wophunzira wa ku Nathenje kapena ku Mitundu, roketi ya madzi ndiyo yosavuta kuyamba nayo. Pamafunika botolo la pulasitiki la malita awiri la chakumwa cha gasi, pampu ya njinga, valavu ya chubu chakale, chotsekera cha labala ndi katoni yodulira zipsepse. Madzi amathiridwa gawo limodzi mwa magawo atatu a botololo, kenako limatsekedwa, kuzondotsedwa ndi kupopedwa. Mpweya ukachuluka, chotsekeracho chimafwamphuka ndipo roketi imanyamuka. Kuti isamapidiguke, kadongo pang'ono kamamatidwa kunsonga, zipsepse n'kuikidwa kumunsi.

Ngozi zimayamba ndi kunyozera zinthu zazing'ono. Botolo lagalasi kapena long'aluka lingathe kuphulika n'kuvulaza maso. Malo oyenera ndi apambalambanda ngati bwalo la mpira, kutali ndi mawaya a ESCOM, msewu wa M1 ndi nyumba. Mphepo ya mwera ya mu June ndi July ingathe kuiponyera pakati pa anthu, choncho ndi bwino kudikira tsiku labata. Kudzipangira mankhwala oyaka ndi koopsa kwambiri, makamaka m'chilimwe udzu ukauma, ndipo dziko lino lili ndi malamulo okhudza zophulika.

Wophunzira wakhama amalemba masekondi amene roketi yakhala m'mwamba, amasintha chinthu chimodzi chokha, monga kuchuluka kwa madzi, n'kuyesanso.